Munda Umene Sunali wa Che Bakari

Bokosi la kanema linafika pasukulupo m'chaka cha 1991, mvula itangoyamba kugunda kumapiri. Inali mphatso yochokera ku kampani ya Zomera, yogulitsa mankhwala opopera thonje, imene inali ndi ofesi ku Balaka. Nthawi imeneyo dziko lino linalibe nyumba youlutsira kanema, ndipo ana ambiri a pa kasekondale koyendera ka pafupi ndi Nselema anali asanaonepo munthu akuyankhula m'galasi. A Zomera anabweretsa zonse: bokosilo, makina a vidiyo, kajenereta ndi tepi imodzi. Pempho lawo linali loti mwezi uliwonse ana azionetsedwa tepi yatsopano ya pulogalamu yawo yotchedwa Nkhani za Alimi.

A hedi, Mayi Bernadetta Sulumba, anapereka makiyi a kabati ya kanemayo kwa a Hilary Makwinja, mphunzitsi wa Chichewa ndi Chingerezi, chifukwa ndi iwo okha amene anali atagwirapo vidiyo ali ku koleji. A Makwinja anali munthu wowonda, woyenda mofulumira, wokonda kufunsa mafunso ngakhale pamaliro. Kwawo kunali ku Balaka, m'banja la Chikatolika, ndipo Chiyao chawo chinkathera pa moni ndi kunenerera nsomba pamsika.

Tsiku loonetsa koyamba anatseka mawindo a Fomu 3 ndi masaka. M'kalasimo munatentha ngati m'uvuni wa njerwa, koma panalibe anadandaula. Jenereta italira, m'galasi munaoneka amayi akuvina, mbendera ili m'mwamba, kenaka munatuluka bambo wa tayi atakhala kuseri kwa tebulo, mapu a dziko ali kumbuyo kwake. Ankawerenga ndi mawu olemera, osamwetulira, monga amawerengera nkhani pa wailesi. Anati mbozi za thonje zavuta m'madera ambiri, koma alimi ochangamuka sakuda nkhawa. Kenaka anati tipite ku Chikweo.

Panaoneka munda wa thonje lofika m'mapewa, loyera mbee. Pakati pake panaima bambo wa ndevu zochepa, atavala malaya oyera ndi kapu ya Chisilamu.

"Bambo ake a Lukiya!" anatero wina kumbuyo.

Kalasi yonse inatembenukira kwa Lukiya, mtsikana wa ku Chikweo amene ankakhala kwa azakhali ake pa Nselema kuti aziyandikira sukulu. Iye anangoyang'anabe kutsogolo.

M'galasimo Che Bakari anayamba kuyankhula m'Chiyao. Asanapite patali mawu awo anatsitsidwa, pamwamba pake panabwera mawu a wowerenga nkhani uja: "A Bakari akuti chiyambire kugwiritsa ntchito mankhwala a Zomera, umphawi anautsanzika." Kenaka anawaonetsa ataima pakhonde la nyumba ya malata, dzanja lili pa njinga yatsopano. Apo n'kuti ana angapo a kumbuyo akuseka chamumtima, atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

A Makwinja anatuluka m'kalasimo mtima ukuwawa. Chimene chinawapweteka chinali tayi ija, tebulo lija ndi mapu aja. Akanakhala kuti a Zomera angobwera ndi woimba gitala n'kumati gulani mankhwala athu, sakanadandaula. Koma malondawo anawaveka zovala za nkhani, n'kuwabweretsa m'kalasi momwe mwana amakhulupirira chilichonse chochokera kutsogolo.

M'mawa mwake, nthawi ya Chichewa, anayatsanso jenereta.

"Lero tiwerenga kanema monga timawerengera ndime ya m'buku," anatero. "Yambani ndi funso ili. Nkhani tinaona dzulo, analipira kuti zijambulidwe ndani?"

"A Zomera," inayankha kalasi pamodzi.

"Nanga a Zomera amagulitsa chiyani?"

"Mankhwala a thonje."

"Tsono wogulitsa mankhwala akamakuuzani nkhani ya mankhwala, mukuganiza kuti angakuuzeni zonse?"

Mtsikana wina anakweza dzanja mwaulesi.

"Koma sala, tinaona ndi maso. Thonje lija linalipo."

"Linalipo, inde. Nanga amene thonje lawo linakanika, munawaona? Ku Chikweo konse kuja mlimi ndi mmodzi?"

Anabweza tepi, n'kuzimitsa mawu, kuti ana aone zithunzi zokha. Anaimitsa pamene mnyamata wina ankapopera m'munda.

"Wavala chiyani uyu?"

"Magambuti, sala. Ndi magolovesi. Ndi chotseka pamphuno."

"Kwanu alipo amapopera atavala chonchi?"

Wina anakhosomola. A Makwinja ankadziwa kuti theka la anawo linakulira m'minda ya thonje, kuti ena mwa iwo ankasenza okha pampu kumsana ali chosavala nsapato, mankhwala akuwayenderera m'khosi. Anadikira. Potsiriza Amosi, mnyamata wamtali wokhala pafupi ndi chitseko, anakweza dzanja, ndipo a Makwinja anamuloza mwachangu.

"Sala, kodi zimenezi zibwera pa mayeso?"

A Makwinja anaika choko patebulo pang'onopang'ono.

"Chabwino. Dzulo ena mwa inu mumaseka pamene Che Bakari amayankhula. Ine Chiyao sindimva. Ananena chiyani choseketsa?"

Amene ankaseka aja anaweramitsa mitu. Mmodzi anayamba kusanthula m'chikwama ngati wataya cholembera.

"Palibe wamva? Nonsenu Chiyao mwaiwala usiku umodzi?"

Mkwiyo unawakwera. Anayenda mpaka pa desiki ya Lukiya.

"Lukiya, imirira. Munda uja ndi wanu?"

Mtsikanayo anaimirira, maso ali pabolodi.

"Ndi bambo anga aja, sala."

"Sindinafunse zimenezo. Ndafunsa za munda. Nanga nyumba ya malata ija, ndi kwanu kuja?"

"Ndi bambo anga aja, sala."

"Ukuopa chiyani? Ndi yankho la inde kapena ayi basi."

Lukiya anaimabe chomwecho, milomo ili yotseka zolimba, mpaka a Makwinja anamuuza kuti akhale. Asanatuluke anapatsa ana onse chimangirizo choti alembe maganizo awo pa zimene kanemayo anaonetsa ndi zimene sanaonetse.

Zimangirizozo zitabwera, anaziwerenga pansi pa mtengo wa mango nthawi yopuma. Zinali ngati walemba ndi munthu mmodzi. Kanema watitsegula m'maso. Tikuthokoza a Zomera chifukwa cha chitukuko. Mlimi wochangamuka sada nkhawa. Ngakhale ana anzeru, amene m'zimangirizo zina ankatha kutsutsana ndi mwambi, apa anangobwereza mawu a bambo wa tayi uja. Lukiya analemba dzina lake ndi mutu wa chimangirizo, pansi pake osalembapo kanthu.

Tsiku la msika, a Makwinja akutuluka m'kalasi, anapeza bambo wina akuwadikira pafupi ndi mtengo uja, atatsamira njinga yakale yomangidwa ndi mphira pa chishalo. Malaya ake anali otuwa, ong'ambika pa kolala. A Makwinja anayamba azindikira ndevu zija.

"Ndinu aphunzitsi a kanema?" anafunsa Che Bakari atapatsana moni.

"Ndine."

"Ndachokera ku Chikweo. Ndimati ndikuoneni nkhope, popeza inu yanga mukuidziwa kale."

A Makwinja anawaitanira m'kalasi, koma iwo anakana. Anati zoyankhula zawo n'zochepa.

"Pamsika apa akuti aphunzitsi anena kuti Che Bakari ndi wabodza. Mwana wanga wafika kwa azakhali ake, chakudya osadya."

"Sindinanene choncho, bambo. Ndimafuna ana aone kuti kanemayo..."

"Munda uja si wanga. Ndi wa kampani, uli cha ku Liwonde, ananditengera pa galimoto. Nyumba ija ndi ya mwini golosale wa kwathu. Malaya aja anawatenganso tisanafike pa mseu waukulu. Mwamva tsopano. Ku Chikweo aliyense akudziwa, ngakhale mbuzi. Mumafuna mwana wanga anene zimenezi pamaso pa anzake?"

A Makwinja anafunsa chimene chinkawavuta chija, kuti m'Chiyao muja ananena chiyani.

Che Bakari anaseka pang'ono, kuseka kosasangalala.

"Ndinati, mwini munda akatipeza muno sanena kuti tikuba? Ndinatinso malayawa akundithina m'khwapa. Ndi zimene ndinanena. Anangoti yankhulani chilichonse, bola pakamwa paziyenda."

"Ndiye bwanji osakana?"

"Anabwera ndi a tcheyamani a chipani. Inu mukanakana?" Anakonza kapu yawo. "Mankhwalawo mbozi amapha, zimenezo sindikana. Komanso ndikapopera mutu umandipweteka mpaka mawa, manja kusuwa. Zimenezo sanandifunse. Tsopano kumzikiti akunditcha Che Malata. Abale a mkazi wanga abwera kale kudzapempha thandizo, akuti mukubisa chuma. Ine ndimati zitha, anthu aiwala. Ndiye mwabwera inu."

"Ine cholinga changa n'choti ana asamanamizidwe."

"Aja anandiimika m'munda wa eni osandifunsa. Inunso mwandiimika m'kalasi mwanu osandifunsa. Phunzitsani ana, aphunzitsi, ndiyo ntchito yanu. Koma dzina langa lichotsenimo."

Anakwera njinga yawo n'kulowera kumsika.

Masana omwewo a hedi anaitana a Makwinja mu ofesi, n'kutseka chitseko okha. Mayi Sulumba anali munthu wosakweza mawu, amene anayendetsa sukuluyo zaka zambiri popanda kukangana ndi aliyense wa mphamvu.

"A Makwinja, a tcheyamani a nthambi anali pano m'mawa. Amva kuti pali mphunzitsi amene akuuza ana kuti ku Chikweo kulibe chitukuko."

"Ine ndanena za kampani yogulitsa mankhwala. Chipani chikubweramo bwanji?"

"Tepi ija ikuyamba ndi chiyani? Si amayi akuvina, mbendera ili m'mwamba? Mukati tepiyo ndi yabodza, wakumva amva kuti mwanena zonse. Ndawauza kuti munkaphunzitsa kalembedwe ka chimangirizo, ana ndiwo sanamve bwino. Andikhulupirira lero. Mawa sindikudziwa."

"Mayi, tiziti tikuphunzitsa chiyani ngati mwana sangafunse kuti wanena izi ndani, akupindulapo chiyani?"

"Muziwaphunzitsa zoti akhoze mayeso. Kumene amapita anthu ofunsafunsa mukukudziwa, ndipo sapita okha, amatenga ndi a hedi awo. Ana aja si opusa, a Makwinja. Makolo awo anawaphunzitsa kale phunziro lina inu musanabwere. Loweruka mupite ku Balaka mukatenge tepi ya mwezi uno. Mukaonane ndi a Uladi a ku Zomera, mukawasonyeze nkhope yabwino. Nkhaniyi yawafika kale."

Loweruka a Makwinja anakwera matola pa Nselema, atapanikizana ndi matumba a makaka ndi amayi opita kuchipatala. Pa Liwonde anatsika n'kudikira basi, dzuwa likuswa mtengo, anyamata ogulitsa nsomba akuwagwedezera milamba kumaso. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene. Pofika ku Balaka anali nawo okwanira ulaliki.

A Uladi, woyang'anira malonda a Zomera m'chigawocho, anali bambo wansangala, wonenepa pang'ono, wa ku Machinga komweko. Anawalandira ngati mbale, n'kutuma munthu kukagula zoziziritsa kukhosi.

"Aphunzitsi athu otchuka. Ndamva kuti mwatiika pa mayeso."

"Ndimangofuna ana adziwe kusiyanitsa nkhani ndi malonda."

"Chabwino kwambiri. Tsono tandiuzani, bodza lili pati? Thonje lija ndi lenileni, linapoperedwa ndi mankhwala athu. Che Bakari ndi mlimi weniweni, amagula kwa ife. Tinangowaphatikiza."

"Munda si wawo. Nyumba si yawo. Mawu si awo."

"Munda wawo uli kutali ndi mseu, galimoto siingafike. Ndipo mlendo akamabwera kwanu, simusesa pabwalo? Simubwereka mipando kwa aneba? Ndi bodza limenelo?"

"Ndiye lembani pa tepipo kuti ndi malonda. Chotsani tayi ndi mapu aja."

A Uladi anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Tikati malonda anthu amayamba kucheza. Tikati nkhani amakhala chete. Inu mukudziwa, ndinu mphunzitsi." Anatsegula kabati n'kutulutsa tepi. "Ine Chiyao ndimamva, aphunzitsi. Zimene ananena mkulu uja ndinazimva, ndinaseka ndekha. Amene amalumikiza zithunzi ku Blantyre samva, ndipo alibe nazo ntchito. Koma tisakangane. Mwezi wamawa tikubwera kudzajambula sukulu yanu. Dziko lione mmene kanema akuthandizira maphunziro. Inuyo ndi amene mudzayankhule."

A Makwinja anafuna kukana pomwepo. Koma ali m'basi pobwerera, akuoloka mlatho wa baraji pa Liwonde, anaganiza zina. Ngati ana akanaona ndi maso awo mmene nkhani zimaphikidwira, sipakanafunikanso kutchula dzina la munthu.

Ojambula anafika mu Januwale, m'mawa kukuwala. A Uladi analowa mu Fomu 3, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kupukusa mutu. Madesiki othyoka anatulutsidwa, abwino anatengedwa ku Fomu 4. Amosi ndi anzake ndiwo anasenza. Atamaliza, a Uladi anayang'ana kumapazi kwa ana. A nsapato ndi a yunifolomu yosang'ambika anauzidwa kukhala kutsogolo. A patapata ndi osavala kanthu anauzidwa kuti akapume kaye pansi pa mtengo. Amosi anali m'gulu la pansi pa mtengo. M'galimoto ya kampani munatuluka makatoni a mabuku atsopano, mwana aliyense anapatsidwa limodzi kuti alitsegule pakati.

"Mwana wa Che Bakari ali kuti?" anafunsa a Uladi. "Ameneyo akhale pamzere woyamba."

Anamufuna ponseponse, osamupeza. Anzake anati wapita kukamwa madzi. Sanabwerere mpaka galimoto itachoka.

A Makwinja anaimikidwa pambali pa bokosi la kanema, choko chili m'manja. Wojambula atakweza chala, iwo anayang'ana m'diso la kamera n'kuyankhula momveka bwino, liwu ndi liwu.

"Ine ndimaphunzitsa ana kuti akaona nkhani iliyonse azifunsa kuti waikonza ndani, ndipo wasiyamo chiyani."

Anaona a hedi pakhomo akutseka maso. Koma a Uladi anawomba m'manja.

"Zabwino kwambiri, aphunzitsi. Tabwerezani, koma mumwetulire pang'ono."

Atatha kujambula, mabuku aja anatoleredwa n'kubwezedwa m'makatoni. Mtsikana wina anapempha kuti amalize tsamba limene anayamba kuwerenga, koma anamuuza kuti galimoto ikufulumira.

Tepi yake inafika mwezi wotsatira. Tsiku limenelo ngakhale ojomba anabwera. Bambo wa tayi anati tipite ku Nselema, ndipo panaoneka kalasi yowala, ana aukhondo, aliyense ndi buku lake. Kenaka panaoneka a Makwinja, pakamwa pakuyenda. Anamveka mawu awiri okha, "Ine ndimaphunzitsa," basi ena onse anamira. Wowerenga nkhani anati: "A Makwinja akuti chibwerere kanema wa Zomera, ana akukhoza bwino kuposa kale, ndipo akulimbikitsa makolo onse kupopera thonje lawo msanga."

Kalasi inaphulika phokoso tepi isanathe.

"Mabuku aja ali kuti?"

"Desiki imeneyo ndi ya ku Fomu 4, ndinasenza ndine."

"Akuti kalasi yonse, ife tili kuti pamenepo?"

Amosi anaimirira, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Anati iye anatuluka thukuta m'mawa wonse, koma pa kanema sipanaoneke ngakhale khutu lake. Anati aphunzitsi sananene za kupopera, iye anamva yekha ali pawindo. Ena anavomereza. A kutsogolo, amene anaoneka bwino, ankati musatichitire nsanje.

A Makwinja anazimitsa bokosilo. Kwa miyezi yonseyi ankadikira phokoso limeneli.

"Khalani pansi, mmodzimmodzi. Amosi, wati zimene taonazi si zimene zinachitika?"

"Si zimenezo, sala. Atinamiza."

"Anachita bwanji?"

Amosi anafotokoza zonse bwinobwino: kusankha ana, kubwereka madesiki, mabuku, kuphimba mawu. Anzake ankamuthandiza pamene waiwala. A Makwinja ankalemba pabolodi mofulumira mpaka choko chinathyoka.

"Mwaona nokha tsopano. Ndiye taganizani za matepi ena onse amene taonera muno. Sinditchula dzina la munthu. Ngati anachita chonchi kwa ife, mukuganiza kuti kwinako anachita bwanji?"

Phokoso lija linazima ngati moto wothiridwa madzi. Ana anayamba kuyang'anana. Amosi anakanda m'mutu.

"Kwinako sitinaliko, sala."

"Simunaliko, inde. Koma nzeru zikukuuzani chiyani?"

"Ife tikudandaula za kalasi yathu yokha, sala. Za kwina sitinganene."

"Amosi, ndiwe wemwe wafotokoza njira yonse pompano. Ukuganiza kuti anaiphunzira tsiku lomwelo, pa Nselema pano?"

"Kaya, sala."

Amosi anakhala pansi. A Makwinja anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, ndipo iliyonse inapeza poyang'ana pena. Anamenya tebulo ndi dasitala, fumbi la choko n'kukwera m'mwamba. Anayamba kuwakalipira, kuti ndi anthu otani amene amalira nsabwe ikaluma iwo okha, kuti adzakula n'kumagula chilichonse chimene munthu wa tayi wawauza. Ali pakati pokalipa chitseko chinatseguka.

Mayi Sulumba anayang'ana ana, kenaka anawerenga zimene zinali pabolodi, mzere ndi mzere.

"Amosi, fufuta bolodi. Nonse tulukani, nthawi yopuma yakwana." Ana akutuluka, a hedi anatambasula dzanja. "Makiyi, a Makwinja."

Anawapereka. Kuyambira tsiku limenelo kanema ankaonetsa ndi mphunzitsi wa zaulimi, amene ankayatsa tepi n'kukakhala panja.

A hedi atachoka ndi makiyi aja, a Makwinja akutolera mabuku awo, anaona kuti Lukiya sanatuluke. Chiyambire tsiku limene anamuimiritsa lija anali asanawayankhulepo, kupatula kuvomera dzina poitana.

"Sala," anatero ali chiimire pafupi ndi chitseko, "musamati sitimva. Timamva."

"Ndiye bwanji simunena?"

"Inu mukhoza kupempha transifa. Ife kwathu ndi konkuno."

Anatuluka asanamuyankhe.

Loweruka lotsatira a Makwinja anabwereka njinga kwa mnzawo n'kuyamba ulendo wa ku Chikweo. Mvula inali itagwa, mseu unali matope okhaokha, ndipo m'malo ambiri ankachita kutsika n'kumakankha. Anafunsira njira kangapo. Anawapeza Che Bakari m'munda mwawo, kamunda ka thonje lofika m'mawondo, pampu ili kumsana, kansalu atamanga pamphuno. Anadikira m'mphepete mpaka mzere utatha.

"Mwasochera, aphunzitsi?"

"Iyayi, ndabwera kwa inu. Tsiku lija ndinalakwa kumuimiritsa mwana. Ndimati ndinene pamaso panu."

Che Bakari anatsitsa pampu, n'kusamba m'manja ndi madzi a m'chigubu, nthawi yaitali ndithu.

"Ndamva kuti nanunso anakuimikani."

"Anandiimika."

"Ndiye mwadziwa."

Che Bakari anakhala pa mzere wa chinangwa, n'kuwalozera a Makwinja pokhala. Anacheza za mvula, za mbozi, za mseu. A Makwinja anazungulira kanthawi, kenaka ananena chimene chinawayendetsa mtunda wonsewo.

"Bambo, ndili ndi pempho. Nthawi ino ndikufunsa kaye. Mutabwera kusukulu tsiku lina, n'kuwauza ana ndi pakamwa panu zimene munandiuza zija, za munda, za mutu kupweteka. Ine akandimva amati ndi zonena za aphunzitsi. Inu angakumvereni."

"Iyayi."

"Ngakhale kwa ana ochepa, panja pa sukulu?"

"Iyayi, aphunzitsi. Mbewu ndimatenga kwa omwewo. Thonje likacha, a tcheyamani omwewo ndiwo amakhala pamsika. Ndayankhulapo kamodzi pagulu, zandikwana."

A Makwinja anayesanso njira ina, kuti mwina angofotokoza za kapoperedwe kokha, osatchula kampani. Che Bakari anangopukusa mutu, n'kuimirira. Anazula phata limodzi la chinangwa, n'kukutumula dothi, n'kumangirira pa kaliyala ya njinga ndi luzi.

"Nyamukani mitambo iyo isanatseke. Pa dambo paja madzi akadzadza mugona kuno."

Anasenzanso pampu yawo, n'kukweza kansalu pamphuno, n'kulowa mumzere wotsatira. A Makwinja anaima pang'ono, kenaka anatembenuza njinga. Mvula inawapeza asanafike pa dambo, ndipo mtunda wotsalawo anayenda wapansi, matope atatseka matayala onse awiri.